Mchere umene ndinakana kuthira

Woolwich, London
Mwezi wa Novembala

Okondedwa achimwene a Luka,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inuyo, alamu ndi ana onse. Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika kutchalitchi? Pa foni amandiuza kuti ali bwino, koma amayi ngakhale atagona pamphasa amati ali bwino, ndiye ndikufuna ndimve kwa inu. Kaya mvula yayamba ku Mponelako? Kuno kuzizira kwalowa, ndipo kukumada ana asanafike pakhomo pochokera kusukulu.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Nkhani yake pa foni sindingaimalize, ndipo mbali ina ndi yoti mlongo sauza mlongo wake ndi pakamwa. Koma malume adatisiya, mwini mbumba tsopano ndinu, nkhoswe ya banja langa ndinunso. Mundikhululukire pamene ndalankhula mosabisa. Ndapatsira Joyce, mnzanga wa kutchalitchi amene akubwera ku Lilongwe, kuti ikufikeni msanga.

Alamu anu a Bonface, bambo a Chiko, akudwala. Impso zonse ziwiri zafooka, moti amapita kuchipatala katatu pa mlungu kukalumikizidwa ku makina osefa magazi. Izi mudamvako kale. Chimene simunamve n'chakuti apongozi anga, a Nankhoma, akuti wawadwalitsa ndine. Akuti ndi tsempho. Mwezi wamawa akubwerera kwawo ku Madisi ndipo nkhaniyi akubwera nayo. Ndikufuna muimve kaye kwa ine, kuyambira pamene inayambira.

A Bonface thupi lawo mukulidziwa. Chibwerereni kuno akhala akunenepa, ntchito yawo ya makompyuta ndi yokhala pampando tsiku lonse, ndipo BP inawapeza kalekale. Chaka chino anayamba kudandaula kuti thupi likuwalemera, akadzuka m'mawa zimakhala ngati sanagone, chakudya sichikukoma. Ndikawauza kuti apite kwa dokotala ankakana, amvekere kumeneko amangokuyang'ana pang'ono n'kukuwonjezera mapiritsi.

Kuntchito kwanga, kunyumba yosamalira okalamba, ndimagwira ndi bambo wina wa ku India dzina lake Biju. Ndi munthu wachikulire, wa dazi ndi mimba yake, ali ndi mkazi ndi ana akuluakulu, ndipo nkhani zake ndi ziwiri basi, tchalitchi ndi matenda. Iyeyu ndi amene anandiuza za mankhwala a makolo awo otchedwa Ayuveda, ndi za mayi wina amene amachiza nawo ku East Ham, kutsidya kwa mtsinje. Ndinakafotokoza kunyumba mongocheza. Alamu anu, amene mapiritsi a kuchipatala ankawanyinyirika, nkhani ya mizu ya amwenye anailumphira tsiku lomwelo.

Tinapita Loweruka lina. Malo ake ali pamwamba pa shopu ya nsalu, ndipo fungo la mafuta ofunda limakulandirira pamasitepe. Mayiyo ndi a Sreeja, ochepa thupi, olankhula motsitsa mawu. Kunena zoona, achimwene, sindinaonepo munthu wofunsa wodwala mofatsa chonchija. Anawagwira alamu anu pamkono ndi zala zitatu n'kumamvera mmene mtsempha ukugundira. Anawaona lilime, maso ndi zikhadabo. Kenako anayamba mafunso, kuti amagona bwanji, akakwiya amatani, amakonda zotsekemera kapena zowawasa, kuchimbudzi kumayenda bwanji. Abambo anachita manyazi n'kumangoyang'ana nsapato zawo, ine ndikuwayankhira.

Anatifotokozera kuti kwa iwo munthu aliyense amabadwa ndi mtundu wake wa thupi. Pali a mphepo, amene amawatcha vata, anthu owonda, osakhazikika, oiwalaiwala. Pali a moto, amati pita, osachedwa kumva njala ndi kupsa mtima. Ndiye pali a madzi ndi dothi, amati kapha, anthu a matupi, ofatsa, okonda tulo, osunga zinthu mumtima. Matenda akuti amabwera chimene unabadwa nachocho chikachuluka mopitirira muyeso. A Bonface anawaika kwa a madzi. Ine sanandigwire n'komwe mkono, anangomwetulira n'kunena kuti wa mphepo amadziwika ndi kuyankha mafunso a anzake. Pobwerera tinaseka m'sitima, n'kumagawa abale onse mmodzimmodzi. Inu tinakuikani kwa a moto, ndipo musakwiye, mungatitsimikizire. Kuchokera tsiku limenelo sindikumbukira kuti tinasekanso choncho.

Mayiyo anafunsanso ngati akumwa mankhwala awo a BP, ndiponso ngati anayezetsa magazi posachedwa. Alamu anu anavomera zonse ziwiri, ine ndili pomwepo, ndipo ndinawakhulupirira. Ndinadzadziwa mochedwa kuti mapiritsi anasiya chaka chatha, ankangowataya kuntchito, ndipo magazi sanayezetse.

Ndiye anagwirizana zotsuka thupi, iwo amati panchakama. Si za tsiku limodzi ayi. Poyamba munthu amamwa mafuta a mkaka osungunula m'mamawa asanadye kanthu, tsiku lililonse kumawonjezera, mpaka akangoona kapu mseru umayamba. Amamudzoza mafuta ofunda thupi lonse n'kumufukiza nthunzi, akuti zoipa zimene zinakakamira m'thupi zisungunuke, zitsikire m'mimba. Kenako amamupatsa mankhwala otsegula m'mimba kuti zituluke. Zikatha izi amayambiranso kudya ngati khanda, phala la mpunga lamadzimadzi, n'kumalimbitsa pang'onopang'ono. Pali ndi malamulo ake. A Bonface anawauza kuti asamwe madzi ozizira, asagone masana, asadye mchere, ndiponso azigona paokha mpaka zonse zithe. Malamulo awiri omalizawa ndi amene andiputira zonsezi.

Apongozi anafika zinthu zitangoyamba. Ulendo wawo wodzaona zidzukulu unakonzedwa kale, sitikanausintha. Asanafike, alamu anu anandichenjeza kuti amayi awo asadziwe za mankhwala a amwenye, chifukwa ndi a Mvano, aziti tafika ku Ulaya n'kuyamba za asing'anga. Ndinavomera. Ndiye kwa amayi awo ankati akugona pabalaza chifukwa cha msana, phala akumwa chifukwa akufuna kuchepetsa thupi, ndipo mabotolo ankakhala m'chikwama cha kuntchito.

Tsopano mumve za mchere. Miyezi imeneyo ndinkalowa ntchito masana n'kuweruka madzulo. Kuti ndisaphike miphika iwiri, ndiwo ndinkaphika m'mawa zopanda mchere, kuti abambo akabwera apatule zawo, kenako Chiko athire mchere mu zotsalazo. Mwanayo ntchitoyo ankaikonda, ankadziona ngati mayi wa pakhomo. Ndiye tsiku lililonse ndikamatuluka, chikwama chili paphewa, ndinkakuwa ndili pakhomo kuti, “Chiko, usaiwale kuthira mchere, ine sindinathire.” Apongozi ali pampando pomwepo akumva.

Achimwene, ine ndinalangidwa ndi anamkungwi ngati mkazi aliyense wa kwathu. Ndikudziwa chimene chimatanthauza mkazi akatuma mwana kuti amuthirire mchere. Masiku ochepa pamwezi palibe amene amadabwa. Koma mlungu kutha, wina kutha, wina kutha, mwamuna akugona pabalaza, mkazi osakhudza mchere, mayi wa kumudzi aganiza chiyani? Ine m'mutu munali mabasi, mashifiti ndi yunifomu yosachapa. Sizinandibwerere ngakhale tsiku limodzi.

Kuwonjezera apo, Biju amakhala ku East Ham komweko, ndiye ankatitengera mankhwala kuti tisamawoloke mtsinje kawirikawiri. Ankabwera nawo kuntchito, ndipo mvula ikagwa ankandisiya ndi galimoto yake pansi pa fulati yathu. Apongozi nthawi yawo yambiri ankathera pazenera, poti kuno munthu wachikulire alibe kopita, alibe womuchezera. Ankaona mkamwini... ayi, ankaona mpongozi wawo akutsika m'galimoto ya mwamuna wachilendo, atanyamula kathumba kamene sikatsegulidwa pamaso pawo.

Ndinaona kuti asintha. Ndiwo zanga anasiya kudya, ankadziphikira masamba awo m'kapoto n'kudzithirira okha mchere. Poyamba ankanditcha mwana wanga, kenako ndinakhala mayi a Chiko, kenako inu basi. Ndinkaganiza kuti ndi kupukwa, kapena kuzizira kwawatopetsa. Ndinawagulira juzi ndi masokosi pamsika wa ku Woolwich kuno, analandira ndi manja awiri n'kuziika pansi pa sutikesi.

Atamwa mankhwala otsegula m'mimba aja, alamu anu anafooka. Mayi Sreeja anali atanena kuti kufooka kumakhalapo, ndiye tinadikira. Koma m'malo mopepuka, mapazi anayamba kutupa mpaka nsapato kukana. M'mawa nkhope inkadzuka yofufuma, masaya ngati alumidwa ndi njuchi, ndipo anayamba kutsokomola ndi kubanika akakwera masitepe. Inu mukudziwa kuti kwathu munthu akatupa mapazi ndi masaya, akutsokomola, akuluakulu safunsanso dzina la nthendayo.

Ndinawakakamiza kuti tibwerere ku East Ham tsiku lathu lisanafike. Mayiyo anawadina ndi chala pamsongolo, chala chinasiya dzenje, ndipo nkhope yawo inasintha. Anafunsanso za mapiritsi, ulendo uno akuwayang'ana m'maso, ndipo alamu anu anaulula. Sanawakalipire. Anangotolera mabotolo onse amene anatipatsa n'kuika m'thumba kuti madokotala akaone, anaitana okha takisi, n'kunena kuti, “Izi si zanga. Pitani kuchipatala tsopano lino, musadzerenso kunyumba.”

Anawagoneka tsiku lomwelo. Madokotala anati impso zinayamba kuonongeka kalekale ndi BP yosamwera mankhwala, ndipo kutsegula m'mimba kuja mwina kunangokankha chinthu chimene chinali kale m'mphepete. Wina anatikalipira, wina anangopukusa mutu. Ine ndinakwiyira aliyense. Mayi Sreeja ndinawakwiyira chifukwa chokhulupirira pakamwa pa mwamuna osaona zotsatira za magazi ndi maso awo. Ndinadzikwiyira ndekha pobweretsa nkhaniyo m'nyumba. Koma kwambiri ndinakwiyira a Bonface, ndipo munthu ali pabedi la chipatala, machubu ali m'khosi, sungamuuze. Mayiyo anabwera kudzawaona kuwodi, opanda botolo lililonse m'manja, anakhala pang'ono n'kupepesa. Zimenezo ndinawalemekeza nazo.

Alamu anu atatuluka m'chipatala, Lamulungu lina titabwera kutchalitchi, apongozi anatuma ana kwa Winfrida, mnansi wathu wa ku Zambia wa pansi pathu, n'kutiitana tonse awiri pabalaza. Patebulo panali kambale ka phala lakuda, mmene anasakanizamo mankhwala amene wina anawabweretsera kuchokera kumudzi. Pambali pake panali sosala ya mchere. Nditangoona, zonse za miyezi ija zinandibwerera nthawi imodzi.

Sanakalipe ayi. Analankhula mofatsa, maso ali pansi. Anati iwo ndi munthu wamkulu, aona zambiri, ndipo chifikireni akhala akuyang'ana. Anatchula za mchere, za pabalaza, za galimoto, za mapazi a mwana wawo. Ine ndinafotokoza zonse za Ayuveda, ndipo alamu anu anavomereza kuti zinalidi choncho, anatulutsa ndi kabotolo kamene kanatsalira m'chikwama. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa kuti ngati zinali zabwino tinabisiranji, ndiponso zikutheka bwanji kuti mwamuna wobweretsa mankhwala ogoneka mwamuna mnzake pabalaza akhale yemweyo wobweretsa mkazi pa galimoto. Anati madokotala aona impso, koma chimene chadula impsozo sangachione pa makina awo.

Anati sakufuna mlandu, sakufuna banja lithe, ndipo kumudzi palibe amene adzamve. Chimene akufuna n'chakuti nditsine mchere ndi dzanja langa, ndithire m'phalamo, ndilawe, ndiwapatse amuna anga, basi nthenda idzamasuka. Kenako mayi wamkulu uja, mawondo ake ovuta aja, anatsika pampando n'kundigwadira ine.

“Thirani, mwana wanga apole. Dzina la munthuyo sindikufunsani.”

Musawaone ngati munthu woipa, achimwene. Mayi amenewa anaika amuna awo, anaika ana awiri, ndipo a Bonface ndi amene atsala owasamala. Akuona mwana wawo akutha, ali m'dziko limene sadziwa ngakhale kukwera basi, ndipo mankhwala amene akuwadziwa ndi amenewo. Ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinagwada nanenso, n'kuwauza kuti madokotala aletsa mchere ndi mankhwala alionse osadziwika, impso zotsalazo sizingapirire. Anati n'kochepa, kongotsina.

Pamenepo alamu anu analowererapo. Anati ndingochita kuti mtima wa amayi ukhale pansi, iwo angokhudzitsa pamilomo, sameza. Ndinawayang'ana, ndipo ndinawauza kuti ndikathira ndiye kuti ndavomera, ndipo chinthu chimene sindinachite sindingachivomere, kaya pamaso pa anthu awiri kaya pamaso pa mudzi wonse. Ndinkayembekeza kuti atembenukira kwa amayi awo n'kuwauza kuti mkazi wanga ndimamudziwa, chotsani mbaleyi. M'malo mwake anandiyang'ana ine, n'kufunsa motsitsa mawu.

“Koma Etta, palibedi chilichonse?”

Zaka zonse zimene ndakhala ndi bambo amenewa, achimwene. Tinayambira m'kachipinda kamodzi ku Edmonton, mu London momuno, iwo akuphunzira, ine ndikukolopa maofesi. Ndawaberekera ana, ndawasambitsa m'chipatala, ndawanyamulira mabodza awo a msana ndi a kuchepetsa thupi. Mawu a apongozi anandipweteka, koma ndikanawapirira. Funso limenelo ndi limene linandithyola. Ndinadzutsa apongozi n'kuwakhazika pampando, ndinatenga kambale kaja ndi sosala n'kukaika kukhitchini, ndinavundikira bwinobwino, poti si zanga zoti nditaye. Kenako ndinapita kukatenga ana.

Mawa lake alamu anu anapepesa. Anati ndi matenda, munthu ukamaopa kufa mutu umagwira chilichonse, ndipo sakhulupirira n'komwe za tsempho. Ndinawauza kuti ndakhululuka, ndipo ndikuyesetsa kuti zikhale zoona. Pakamwa panatsogola, mtima ukubwera pambuyo pang'onopang'ono.

M'nyumba tikukhala choncho. Apongozi amandipatsa moni, ine ndimawapatsa moni, amaphika zawo. Chiko anazindikira kuti pali chinachake, ndipo tsiku lina anandifunsa m'Chingerezi chake ngati agogo akwiya chifukwa iye ankachulutsa mchere. Ndinamuuza kuti ayi, ankathira bwino kwambiri. Mng'ono wake sakudziwa kanthu, iye bola mpira. Kuntchito ndinasiya kukwera galimoto ya Biju. Mvula ikagwa amaima pageti n'kutsitsa galasi, ine ndimati ndikudikira basi, ndipo amachoka akudabwa kuti anandilakwira chiyani. Sindingamuuze. Bambo wa ulemu wake ngati ameneyo atamva kuti dzina lake lili m'nkhani yotere, sangadye.

Pali nkhani ina imene muyenera kudziwa, poti thupi ili ndi la kwathu, si la ku Madisi. Madokotala anatiuza kuti makina aja angawasunge, koma moyo weniweni ungabwerere atapeza impso ina, ndipo mzere wodikira ndi wautali, makamaka kwa ife anthu akuda. Anati m'bale kapena mkazi angathe kupereka imodzi n'kukhala bwinobwino ndi yotsalayo. Ndinapita kukayezetsa osauza munthu. Magazi athu akugwirizana. Pali zina zimene akuyezabe, mtima, impso zangazo, ndi kundifunsa mobwerezabwereza ngati wina akundikakamiza. Zonse zikayenda bwino, opaleshoni idzachitika chaka chamawa.

Nditawauza alamu anu, analira ngati mwana, ndipo poyamba anakana. Anati sayenera. Ndinawauza kuti za kuyenera tidzakambirana akachira. Winfrida yekha ndi amene anandikalipira, poti iye nkhani yonse ndinamuuza. Anaika manja m'chiuno pamasitepe n'kunena m'Chinyanja chake cha ku Lusaka kuti, “Iwe Etta, ufuna kupasa kidney mwamuna wamene anakufunsa vija? Ine siningachite.” Ndinamuyankha kuti ana anga akufuna bambo awo, ndipo ine, ngakhale zandiwawa, munthuyo ndimamukonda. Sindinapeze yankho lina lanzeru kuposa limenelo.

Ndisakunamizeni, penapake mumtima ndinkaganiza kuti apongozi akamva zimenezi adzaona kuti anandilakwira. Anamva, anangoti zikomo. Madzulo ake ndili kukhitchini ndinawamva akulankhula pa foni ndi mng'ono wawo wa ku Madisi. Ankati tsopano zaoneka poyera, mtima ukumutsutsa, wakana mchere koma akufuna kulipira ndi chiwalo. Ndinazimitsa mpopi, ndinaima pomwepo mpaka anamaliza. Apo m'pamene ndinadziwa kuti palibe chimene ndingachite ndi manja anga chimene chingandiyeretse pamaso pawo. Ndikakana ndiye kuti ndikubisa, ndikapereka ndiye kuti ndikulipira. Impso ndiperekabe, chifukwa sindikuperekera iwo.

Koma foni imeneyo ikutanthauza kuti nkhani yayamba kale kuyenda. Ku Madisi ndi ku Mponela si kutali, ndipo amayi a Mvano amakumana. Sindikufuna amayi athu adzaimve pamaliro kapena pachigayo, kuti mwana wawo wa ku London wadula mwamuna wake. Sindikufunanso kuti Chiko akadzabwera kudzaona kwawo kwa bambo ake, anthu azidzanong'onezana akamadutsa.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite ku Madisi apongozi asanafike, mukakhale pansi ndi malume awo a Bonface, amene munamanga nawo ukwati wathu. Mukawafotokozere monga ndafotokozeramu, za mankhwala a amwenye, za malamulo ake, za mapiritsi otayidwa. Alamu anu avomera kuti malume awo akawaimbire foni inu muli pomwepo, adzanene ndi pakamwa pawo. Musakakalipe, ndikukudziwani. Musakanyoze a Nankhoma, ndi agogo a ana anga. Mukangowauza kuti mlongo wanu mchere anakana, ndipo adzakanabe, ndipo inu monga nkhoswe mwaima naye. Amayi mukawauze nokha mukabwerako, mofatsa, atadya kale.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka mwendo ali m'chikwama cha Joyce. Moni kwa alamu anga, mayi a Thandiwe, ndi kwa ana onse, makamaka Thandiwe amene ndamva kuti mayeso anakhoza. Moni kwa azakhali a ku Dowa, kwa achemwali a Effie ndi amuna awo, ndi kwa onse a pabanja amene amandikumbukira m'mapemphero. Chiko ndi mng'ono wake akupereka moni kwa malume awo. Alamu anu nawonso akupereka moni, ndipo akuti akuchita manyazi kulankhula nanu.

Ndikudziwa kuti mukawerenga mudzafuna kuimba foni. Imbani, ndidzasangalala kumva mawu anu. Mundifunse za chipatala, za ana, za opaleshoni, chilichonse. Koma funso lija musandifunse, ngakhale mozungulira, ngakhale kuti mungotsimikiza musananyamuke. Apongozi sanafunse chifukwa anali ataweruza kale, amuna anga anafunsa. Ndikufuna tsiku lokalowa m'chipinda cha opaleshoni ndidzadziwe kuti kwathu kuli munthu mmodzi amene sanafunikire kufunsa. Ngati mtima wanu ukuona kuti simungapite ku Madisi musanandifunse, musapite, achimwene. Ndidzamva, ndipo ndidzaisenza ndekha.

Ambuye akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu,
Etta